Sikelo Yachinyengo pa Bwalo la Mpira

Nkhani imene ndikulemba mwezi uno ndakhala nayo mumtima zaka zambiri. Ndidazengereza kuilemba chifukwa mkati mwake muli manyazi anga. Koma poona kuti mipikisano ya mpira m'sukulu zathu ndi m'magulu a achinyamata a m'mipingo imabwera chaka ndi chaka, ndiponso kuti cholakwa chimene ndidachita ine chikuchitikabe m'mabwalo ambiri, ndaganiza kuti kukhala chete kungakhale kusanjikiza tchimo pa tchimo linzake.

Chimene chidanditsegula pakamwa ndi kanema wamfupi. M'mwezi wa Meyi 2023, mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Leeds ku England, adanditumizira kanemayo pa lamya ya m'manja, nalemba pansi pake kuti, "Amalume, taonani zimene zachitika kuno lero." Ndidaona mwamuna wina amene adathamanga mtunda wa makilomita 42 akukankha mnzake wodwala pa chikuku. Atatsala pang'ono kufika pothera, adaima, namasula malamba a chikukucho, nanyamula mnzakeyo m'manja monga mayi anyamulira khanda, ndipo adaoloka naye mzere womaliza khamu la anthu likuomba m'manja, ena akupukuta misozi. Wonyamulayo anali Kevin Sinfield, wonyamulidwayo anali Rob Burrow. Aŵiriŵa adaseŵera limodzi zaka zambiri m'timu ya Leeds Rhinos, pa maseŵera otchedwa rugby league.

Ine maseŵeraŵa sindinkaŵadziŵa. Kuno ku Manjawira mpira timaudziŵa ndi wamiyendo ndi wamanja basi. Tsono monga mphunzitsi amene safuna kuuza ana chinthu chimene iye sadachimvetse, ndidayamba kufunsa ndi kuŵerenga. Ndinkayesa kuti ndikuphunzira za anthu akutali, osadziŵa kuti ndikukanda bala langa lomwe.

Maseŵera a anthu a m'migodi

Mpira wa rugby ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Woseŵera amaunyamula m'manja ndi kuthamanga nawo, ndipo popatsira mnzake saloledwa kuuponya kutsogolo. Adani ake amamletsa pomgwira ndi kumgwetsa pansi. Chigoli chachikulu chimabwera pamene munthu wakhazika mpirawo pansi kuseri kwa mzere wa adani. Maseŵera onse amatenga mphindi 80. Mutha kuona nokha kuti pa maseŵera otere thupi la munthu ndilo chida, ndipo kukula kwa thupilo si nkhani yaing'ono.

Rugby league idabadwa pa 29 Ogasiti 1895, pamene matimu 22 a kumpoto kwa England adagwirizana pa msonkhano wa ku George Hotel mumzinda wa Huddersfield kuti achoke m'bungwe lakale la rugby. Oseŵera a kumeneko anali anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu. Akajomba ku ntchito Loŵeruka kuti akaseŵere, malipiro a tsikulo ankadulidwa, ndipo iwo adapempha kuti matimu aziŵabwezera ndalamazo. Akuluakulu a bungwe, amene anali anthu opeza bwino, adakana. Choncho maseŵeraŵa adayamba ndi dandaulo la munthu wamng'ono. M'chaka cha 1906 adachepetsa oseŵera kuchoka pa 15 kufika pa 13 mbali iliyonse, kuti pabwalo pakhale mipata yoti othamanga azidutsamo. Rugby yakale ya anthu 15 idapitirira payokha, ndipo ndiyo imene imapezeka kuno kwathu m'matauni ndi m'sukulu zoŵerengeka.

Chimene chidandigwira mtima ndi ichi: eni ake a maseŵeraŵa akhala akusintha malamulo kaŵirikaŵiri, ndipo nthaŵi zambiri chifukwa chake chimakhala chimodzi, kuti amphamvu asameze ofooka. Kale timu inkasunga mpira nthaŵi yonse imene ingathe, ngakhale oseŵera ake agwetsedwe kangati. Timu ya anthu ojintcha inkangogunda khoma la adani pang'onopang'ono kufikira litagumuka. Ku Australia timu ya St George idatenga chikho zaka 11 zotsatizana, kuyambira 1956 mpaka 1966. M'chaka cha 1966 ku England, ndi 1967 ku Australia, adaika lamulo lakuti timu ikagwetsedwa kanayi mwayi wake watha. Pofika 1972 adakweza chiŵerengerocho kufika pa 6. M'chaka cha 1993 adalamula kuti otchinga azibwerera mmbuyo mamita 10 m'malo mwa 5 munthu akagwetsedwa, kuti ochenjera ndi aliŵiro apeze malo.

Matupi adakula, malamulo adatsatira

Koma lamulo lililonse limabala zipatso ziŵiri. Mamita 10 aja adapatsa wamng'ono malo othamangira, komanso adapatsa chimphona mtunda woyambira liŵiro chisanagunde munthu. Nthaŵi yomweyo, m'zaka za m'ma 1990, ndalama za makampani a wailesi yakanema zidaloŵa m'maseŵeraŵa. Oseŵera adaleka ntchito za m'migodi ndi zomanga nyumba, nayamba kukhalira kunyamula zitsulo ndi kudya zakudya zosankhidwa ndi akatswiri sabata yathunthu. Matupi adakula. Lero oseŵera ambiri akutsogolo amalemera kupitirira makilogalamu 110, ndiko kuti kuposa matumba aŵiri a chimanga. Taganizani matumba aŵiri a chimanga akukuthamangirani ndi liŵiro la mnyamata.

Padafikanso nthaŵi ku Australia imene timu inkaloledwa kusintha oseŵera kangati konse imene ifuna. Mphunzitsi wa timu ankaloŵetsa chimphona mphindi zochepa, chikatopa nkuchitulutsa kuti chipume, nkuloŵetsa chinzake. Wamng'ono amene ankaseŵera mphindi zonse 80 ankakumana ndi zimphona zopumula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akuluakulu a ligi ya NRL adazindikira kuti kutopa ndiko bwenzi la wamng'ono, pakuti thupi lalikulu limatopa msanga. Motero m'chaka cha 2001 adalamula kuti kusintha kusapitirire ka 12, m'chaka cha 2008 adatsitsa kufika pa 10, ndipo m'chaka cha 2016 adatsitsanso kufika pa 8.

Panalinso chizoloŵezi chogunda munthu ndi phewa popanda kumgwira ndi manja. Oonerera ankachikonda kwambiri, chifukwa munthu ankagwa ngati mtengo wodulidwa. Koma atafufuza adapeza kuti pa zaka khumi zokha oseŵera adawonjezera kulemera ndi makilogalamu pafupifupi 4, ndipo kugunda kotere kudasanduka koopsa ku mutu ndi khosi. Adakuletsa kuyambira m'chaka cha 2013. Ambiri adanyinyirika kuti maseŵera afeŵa. Koma m'chaka cha 2015 mnyamata wa zaka 25, James Ackerman, adamwalira ku Queensland atagundidwa mwa njira yoletsedwayo, ndipo zidaoneka poyera kuti lamulolo silidaikidwe pachabe. M'chaka cha 2020 adasinthanso malamulo kuti maseŵera asamaimeime, ndipo mu 2021 adalola woseŵera wina wapadera woloŵa m'malo mwa anzake ovulala m'mutu.

Pakati pa zimphona zimenezi ndi pamene Rob Burrow adaseŵera kuyambira 2001 mpaka 2017. Msinkhu wake unali masentimita 165 okha, ndipo sankafika makilogalamu 70. Ali mwana ambiri ankati ngwamng'ono kwambiri, sangathe. Koma adatenga chikho cha Super League kasanu ndi katatu pamodzi ndi timu yake, ndipo pa mpikisano womaliza wa 2011 ku Old Trafford adaŵerama ndi kudutsa kunsi kwa mikono ya adani, nakagoletsa chigoli chimene anthu a kumeneko sachiiŵala. M'mwezi wa Disembala 2019 adampeza ndi nthenda ya motor neurone disease, imene imafoola thupi pang'onopang'ono kufikira munthu alephera kuyenda ndi kuyankhula. Adamwalira pa 2 Juni 2024 ali ndi zaka 41.

Poŵerenga zonsezi ndidakumbukira lamulo la pa Deuteronomo 22:8, pamene Aisraele adauzidwa kuti womanga nyumba yatsopano amange kampanda kuzungulira denga lake, kuti munthu angagwe ndipo magazi ake angakhale pa nyumbayo. Kampandako sikaletsa anthu kukwera padenga ndi kucheza. Kamangoteteza mwana ndi mlendo. Malamulo a maseŵera ndi kampanda kotere. Ndipo ine, abale, ndidagumula kampandako ndi manja anga.

Chimene ndidachita

Ndidayamba uphunzitsi pa nthaŵi imene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994. Amene analipo akumbukira mmene ana adasefukira. M'dziko lonse chiŵerengero chidakwera kuchoka pa ana osakwana mamiliyoni aŵiri kufika pa mamiliyoni atatu kapena kuyandikira pamenepo. Pakati pa obwerawo panali anyamata akuluakulu amene adakulira kuŵeta ng'ombe ndi kusenza matumba a makala kupita nawo kumsewu. M'kalasi imodzi munkakhala mwana wa zaka 11 ndi mnyamata womera ndevu, onse pa mkeka umodzi. Ichi chinali chinthu chabwino, pakuti sukulu ilibe mkulu. Koma pabwalo la mpira chidabweretsa yesero, ndipo ine ndidagwa nalo.

Patapita zaka zingapo adandipatsa udindo woyang'anira maseŵera pa sukulu imene ndinkaphunzitsa. Mpikisano wa m'dera lathu unali wa ana osapitirira zaka 14. Sukulu yathu inali itagonja zaka zitatu zotsatizana, ndipo pamsika anthu ankandiseka. M'Sitandade 7 munali mnyamata wina wofatsa, wa mapewa otambalala, amene ine ndinkadziŵa bwino lomwe kuti ali ndi zaka 19. Iye sadapemphe kuseŵera. Ndine ndidamuitana. Pa pepala la maina ndidalemba 14 ndi dzanja langa, ndipo mphunzitsi wamkulu adasaina pokhulupirira mawu anga. Mmaŵa wa tsiku la mpira ndidampatsa lezala kuti amete ndevu. Mumtima ndinkadzitonthoza kuti sukulu zina zimachitanso chimodzimodzi. Nthaŵi imeneyo nkuti ndili mphunzitsi wa Sande sukulu, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaphunzitsa ana za kuipa kwa bodza.

Timu ya anzathuwo inali ndi kamnyamata kakang'ono, kopanda nsapato, ka zaka ngati 12. Kankathamanga ngati gwape. Kadadutsa mnyamata wanga wamkulu uja kaŵiri, ndipo kachiŵiriko kadagoletsa. Anthu a kwao adavina kuzungulira bwalo. Pa nthaŵi yopuma ndidakokera mnyamata wangayo pambali, ndili wopsa mtima, ndipo ndidamuuza kuti, "Iwe, thupi lonseli nlantchito yanji? Kamwanako kasadutsenso."

Adandimvera. Chigawo chachiŵiri chitangoyamba, kamwana kaja kadalandira mpira ndi kutembenuka, ndipo iye adakaloŵa chakumbuyo ndi thupi lake lonse. Phokoso lake lidamveka ngati nkhuni youma ikuthyoka, ndipo bwalo lonse lidati zii. Mwendo udathyoka kunsi kwa bondo. Tidamnyamula pa njinga kufika naye kumsewu waukulu, kumene tidadikira galimoto nthaŵi yaitali iye akulira kuitana amake. Mpira udapitirira ife titachoka, ndipo sukulu yathu idapambana ndi zigoli ziŵiri kwa chimodzi. Madzulo ake anthu adandiyamika.

Patapita masiku atatu ndidapita kuchipatala ndi shuga ndi buledi. Ndidampeza mwanayo atagona, mwendo uli m'chikhakha, amake atakhala pansi pambali pa bedi. Atandilonjera mwaulemu adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mnyamata uja adathyola mwanangayu ali ndi zaka zingati?"

Ndidayankha kuti, "Zaka zake zidalembedwa pa pepala, mayi."

Iwo adayang'ana pansi, nati, "Pepala ine sindidziŵa kuŵerenga, aphunzitsi. Koma ndabereka ana asanu ndi mmodzi. Msana wa mwana ndimaudziŵa, msana wa bambo ndimaudziŵanso."

Sadawonjezere mawu ena, ndipo shuga uja adalandira ndi manja aŵiri. Ndidatuluka m'chipindamo miyendo ili lendelende. Mwanayo adajomba teremu yathunthu, adabwereza kalasi, ndipo fupa lidalumikizana mokhota pang'ono, kotero kuti amatsimphina kufikira lero. Mpira sadaseŵerenso.

Koma ovulala anali aŵiri. Mnyamata wamkulu uja anthu adayamba kumloza chala ndi kumtcha maina oipa. Tsiku lina ana ataŵeruka adatsalira m'kalasi, naima patsogolo pa tebulo langa, nati, "Aphunzitsi, paja inu mudati kasadutsenso." Ndidasoŵa choyankha. Mwezi usanathe adaleka sukulu, ndipo pambuyo pake ndidamva kuti adapita ku Joni kukafuna ganyu. Mnyamatayo adabwera kusukulu atakula, atapirira manyazi okhala pakati pa tiana, chifukwa ankafuna kudziŵa kulemba ndi kuŵerenga. Ine ndidamsandutsa chibonga chomenyera mwana wa eni. Mayeso a Sitandade 8 sadalembe.

Padapita zaka zitatu ndisanaulule. Nthaŵi zonse za Mgonero, mbale ikamayandikira, ndinkamva phokoso la nkhuni youma lija. Potsiriza ndidapita kwa Abusa ndi kuŵafotokozera zonse. Iwo sadandipeputsire mlandu. Adandiŵerengera Miyambo 11:1, pamene Mau a Mulungu aonetsa kuti Yehova amanyansidwa ndi sikelo yonyenga, ndipo adandifunsa ngati ndinkaganiza kuti vesilo likunena ogulitsa chimanga okha. Adanditumiza pamodzi ndi mkulu wa mpingo mmodzi kumudzi kwa mwana uja kukapepesa pamaso pa makolo ndi amalume ake. Adandikhululukira. Ndidathandizako pang'ono pa zosoŵa zake za kusukulu, koma mwendo sindikadatha kuuwongola. Kwa mnyamata wamkuluyo ndidalemba kalata kudzera mwa abale ake, ndipo yankho silidabwere.

Zaka ndi msinkhu

Wina angafunse kuti, kodi zaka zikakhala zoona ndiye kuti vuto latha? Iyayi. Ana obadwa chaka chimodzi sakula mofanana. Wina amatha msinkhu msanga, wina mochedwa. Kuno kwathu kusiyanaku kumakula chifukwa cha chakudya. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana wotere akafika zaka 14 akhoza kuoneka wamng'ono kuyerekeza ndi mnzake wodya bwino.

Ku New Zealand, kumene rugby ili ngati mpira wamiyendo kuno, madera ambiri amagaŵa ana m'matimu poyang'ana zaka pamodzi ndi kulemera kwao. Nyengo ya maseŵera isanayambe mwana amakwera pa sikelo, ndipo wolemera kwambiri amakwezedwa ku gulu lina. Njirayi imateteza ang'onoang'ono, komabe ili ndi minga yake. Mwana wa thupi lalikulu amakhala akadali mwana m'maganizo, ndipo kumchotsa pakati pa anzake kuti akaseŵere ndi akuluakulu kungamfooketse mpaka kuleka maseŵera. Ndiponso pali ngozi yakuti mwana adzimane chakudya pofuna kupepuka. Tsono sikelo payokha siingaloŵe m'malo mwa munthu wamkulu wa maso ndi chikumbumtima. Mwana wamkulu thupi si mdani. Nayenso ngwofunika kumteteza, makamaka kwa ife akuluakulu amene timafuna kugwiritsa ntchito thupi lake kuti tipeze ulemu.

Pa mpira wamiyendo nawonso malamulo akhala akusintha pa chifukwa chomwechi. Pofika mpikisano wa dziko lonse wa 1998 ku France, oimbira adalamulidwa kutulutsa ndi khadi lofiira aliyense woloŵa mnzake chakumbuyo moika moyo wake pangozi. Kubera zaka kudafika poti m'chaka cha 2009, pa mpikisano wa anyamata osapitirira zaka 17 umene udachitikira ku Nigeria, bungwe la FIFA lidayamba kujambula mafupa a pamkono ndi makina a MRI kuti lione ngati mnyamata adatha kukula. Nzomvetsa chisoni kuti padafunika makina a ndalama zambiri kuti anene chimene mayi wosadziŵa kuŵerenga adachiona ndi maso ake ali pansi pambali pa bedi.

Masiku amene ine ndidalakwa, ana ambiri analibe chikalata chilichonse chonena tsiku lobadwa, ndipo bodza linali lapafupi. Tsopano zinthu zasintha. M'chaka cha 2017 boma lidalemba anthu m'kaundula ndi kupereka ziphaso za unzika, ndipo ana obadwira m'zipatala amalembetsedwa. Kuwonjezera apo tili ndi mboni ziŵiri zakale zimene timaziiŵala: khadi la kusikelo limene mayi aliyense amasunga m'chikwama, ndi buku la ubatizo limene lili m'manja mwa mlembi wa mpingo. Koma chikalata chimanena zoona pokhapokha amene adachilembetsa adanena zoona.

Pempho langa

Choyamba, kwa inu makolo anzanga. Musadule zaka za mwana, kaya pomlembetsa sukulu, kaya pofuna kuti aloŵe m'timu, kaya pomfunira ntchito. Mwana amene wamva bambo ake akunama za tsiku limene iye adabadwa waphunzira kuti choonadi chimasinthika pakakhala phindu, ndipo phunziro limenelo adzalibweza kwa inu nomwe. Ndiponso pitani kukaonerera ana anu akamaseŵera. Mukaona mwana wanu waikidwa kuti alimbane ndi munthu wamkulu, musachite manyazi kufunsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho funsaninso ngakhale wamkuluyo ali m'timu ya kwanu.

Chachiŵiri, kwa aphunzitsi anzanga ndi atsogoleri a achinyamata m'mipingo. Pokonza mpikisano gwirizanani za zaka poyera tsiku lisanafike, ndipo aliyense abwere ndi makadi. Anyamata akuluakulu musaŵathamangitse, koma akonzereni gulu laolao kuti naonso aseŵere ndi anzao a msinkhu umodzi. Pamene ana a zaka zofanana asiyana kwambiri matupi, khalani pansi ndi mphunzitsi wa timu inayo ndi woimbira, mupangane chochita. Mwana akagundidwa m'mutu nkuoneka wozunguzika, mtulutseni ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale iye alire kuti ali bwino. Ndipo samalani mawu amene munena pa nthaŵi yopuma. Ana amatimvera koposa mmene tiganizira.

Chachitatu, kwa inu anyamata ndi atsikana a matupi aang'ono. Musadzipeputse. Davide adakana zovala zankhondo za Sauli chifukwa sadazizoloŵere, natenga chida chimene dzanja lake linkachidziŵa. Rob Burrow sadayese kusanduka chimphona, koma adanola liŵiro ndi nzeru zimene adapatsidwa. Nolani zanu.

Chachinayi, kwa inu amene Mulungu adakupatsani matupi aakulu ndi mphamvu. Mukauzidwa ndi munthu wamkulu, ngakhale mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, kuti muname zaka kapena mupweteke mnzanu, kanani mwaulemu. Kukana kotero si mwano. Pa Marko 2 timaŵerenga za anthu anayi amene adanyamula mnzao wofa ziŵalo, nakwera naye padenga kuti amfikitse kwa Ambuye Yesu. Maina ao sadalembedwe, koma ntchito ya mapewa ao ikukumbukika mpaka lero. Kevin Sinfield m'mwezi wa Disembala 2020 adathamanga mitunda isanu ndi iŵiri ya makilomita 42 pa masiku asanu ndi aŵiri kuti apeze ndalama zothandizira odwala nthenda ya mnzake, ndipo m'mwezi wa Meyi 2023 adamnyamula m'manja. Mphamvu zidaperekedwa kuti zigwire ntchito yotere.

Kamnyamata kothamanga ngati gwape kaja tsopano ndi bambo wa ana atatu. Adakwatira kufupi ndi kuno, ndipo amakonza njinga pafupi ndi msika. Ndikamadutsa amaimirira ndi mwendo wake wokhotawo, nandipatsa moni ndi manja aŵiri. Chaka chatha adabwera kusukulu atagwira dzanja la mwana wake woyamba, amene adaloŵa m'kalasi langa. Adandipatsa khadi la kusikelo la mwanayo lokutidwa bwino m'pepala la pulasitiki, nati, "Aphunzitsi, zaka zake ndi zimenezi. Amakonda mpira kwambiri. Mundisamalire."

Ndidalandira khadilo ndi manja aŵiri, ndipo ndidakopera tsikulo m'kaundula monga lidalembedwera. Mwanayo ngwamng'ono thupi ngati bambo ake, ndipo amathamanga chimodzimodzi. Loŵeruka lililonse la mpira ndimaima m'mbali mwa bwalo ndi mndandanda wa maina m'manja, ndipo ndisanaupereke kwa woimbira ndimauŵerenga kaŵiri. Ndikupemphani abale ndi alongo kuti mundikumbukire m'mapemphero, pamodzi ndi mnyamata uja adapita ku Joni, amene ndikuyembekezabe kuti tsiku lina ndidzampepesa pamaso. Ambuye atithandize tonse kukhala ndi sikelo imodzi, kunyumba, kumsika, kutchalitchi ndi pabwalo la mpira.

Mkulu wa Mpingo,
Manjawira, Ntcheu.